Andidumpha: list ya Python ikafika kumudzi

Aliyense amene anayambapo kuphunzira Python akulikumbukira tsiku la list. Mphunzitsi amalemba pa bolodi mayina a zipatso zitatu m'kati mwa mabulaketi, n'kuwonjezerapo chachinayi, n'kuchotsapo chimodzi, kenaka n'kufunsa kuti zatsala zingati. Mukapita pa intaneti muzipezanso zipatso zomwezo: apulo, nthochi, ndi kena kofiira kamene ambirife sitinakalaweko chibadwire. Pakatha mphindi 20 aliyense amatuluka m'kalasi akudzimva kuti wazigwira. Inenso ndinatuluka choncho. Koma lero ndikuona kuti phunziro limeneli timalipeputsa, ndipo zotipeputsitsa ndi zipatso zija. Nthochi ikasowa pa mndandanda palibe amene amagona ndi njala.

Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu, ukadutsa Bunda n'kupitirira ndithu. Kumeneko mawu akuti mndandanda amadzutsa munthu kusanache. Kuyambira 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linabweretsa makuponi a feteleza, chaka cha mlimi chimayamba ndi funso limodzi: dzina langa latuluka? Mu 2020 makuponi analowedwa m'malo ndi AIP, thumba la makilogalamu 50 n'kumagulidwa pa K4,495, ndipo mu 2022 mtengowo unafika pa K15,000, koma funso silinasinthe. Palinso mndandanda wa Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene inayambira ku Mchinji mu 2006, wa chimanga cha thandizo chaka cha njala, wa maneti a udzudzu, wa zopereka pamaliro, ndi kaundula wa voti. Agogo anga sanagwirepo kompyuta, koma za mndandanda amadziwa zambiri kuposa zimene tinaphunzira semesita yoyamba. Amadziwa kuti umalembedwa ndi munthu, kuti munthuyo ali ndi abale ake, ndi kuti mawu owawa kwambiri pabwalo ndi akuti "andidumpha".

Ine ndinadumphapo munthu.

Mayi anga aang'ono ndi mlembi wa kalabu ya alimi m'mudzi mwathu. Mamembala amasonkha ndalama akagulitsa soya ndi mtedza, ndipo mvula ikayandikira amagula mbewu pamodzi n'kugawana. Lamulo lawo ndi lachidule: amene ali ndi ngongole ya chaka chatha salandira mpaka atabweza. Zonse zimalembedwa m'kope la chikuto chakuda limene ngodya zake zinadyeka ndi zala. Pa tchuthi ndinawapeza usiku akuwerenga mayina ndi chala, tochi ya foni ili kukamwa, ndiye ndinawauza monyada kuti, "Amayi, izi n'zachikale. Ndipatseni kuno, mphindi zisanu zokha." M'foni mwanga munali Pydroid 3, pulogalamu imene imakulola kulemba Python popanda laputopu. Ndinalowetsa mayina onse n'kulemba khodi iyi. Mayina ndawasintha, ndipo ndawachepetsa kuti muone bwino.

```
mamembala = ["Nabanda", "Naphiri", "Namwale", "Nambewe", "Nankhoma"]
angongole = ["Naphiri"]
olandira = []

for dzina in mamembala:
    if dzina in angongole:
        mamembala.remove(dzina)
    else:
        olandira.append(dzina)
```

Iwerengeni modekha. Pita pa dzina lililonse, ngati mwini wake ali ndi ngongole m'chotse, ngati alibe muike pa olandira. Mwaonapo cholakwika? Ine sindinachione, ndipo Python nayo sinadandaule. Sinatulutse uthenga wochenjeza ngakhale umodzi. Inandipatsa mayina, ndinawakopera pa pepala mwaukhondo, mayi aang'ono n'kupita nalo kumsonkhano.

Msonkhano unali pansi pa mtengo wa mango, monga mwa nthawi zonse. A tcheya anawerenga mayina a olandira mpaka kumapeto. Kenaka mayi wina wachikulire, amene pano tiwatche a Namwale, anadzuka, n'kukonza chitenje chawo, n'kufunsa mwaulemu: "Pepani a tcheya, kapena ndi makutu angawa. Ine ndalakwa chiyani?" Ngongole analibe. Anali mmodzi mwa oyamba kumaliza kusonkha, ndipo kope lakuda lija linawachitira umboni pomwepo. Koma maso onse anali atatembenukira kale kwa mayi aang'ono. Palibe amene anaganizako za foni yanga. Anthu anaganiza zimene amaganiza dzina likasowa: mlembi wadya ndalama, kapena pali kachidani kakale. Mbewu a Namwale analandira tsiku lomwelo, koma manong'onong'o anatenga masabata kuti azilale, ndipo amene anawasenza si ine. Ine ndinali nditakwera kale minibasi.

Chinachitika ndi ichi. Loop ya `for`, osati ya kuchipatala ija, siyenda ndi mayina. Imayenda ndi malo. Python imapatsa chinthu chilichonse cha mu list nambala ya malo ake, kuyambira pa 0, ndipo loop imaloza malo 0, kenaka 1, kenaka 2, osayang'ana m'mbuyo. Tayerekezani anthu asanu atakhala pa benchi, wowerenga akuloza ndi chala mmodzimmodzi. Akafika pa munthu wachiwiri, Naphiri, akumudzutsa chifukwa cha ngongole. Otsalawo akusendera kuti atseke mpata. Namwale, amene anali wachitatu, tsopano wakhala pachiwiri. Koma chala pachiwiri chadutsapo kale, chikupita pachitatu, pamene tsopano pakhala Nambewe. Namwale sanafunsidwe n'komwe ngati ali ndi ngongole kapena ayi. Mlandu wake unali woti dzina lake linalembedwa pansi pa dzina la munthu wa ngongole.

Kukonza kwake n'kosavuta mochititsa manyazi. Usachotse kanthu mu list imene ukuyendamo. Panga ina yatsopano:

```
olandira = [d for d in mamembala if d not in angongole]
```

Mabuku a Python amachenjeza za zimenezi, ndipo mwina mphunzitsi wathu ananenapo ine ndili kuganiza za nkhomaliro. Sindikukana. Koma chenjezo limene walimva pa nkhani ya nthochi sililowa m'mutu mofanana ndi limene walimva pa nkhani ya munthu amene umamudziwa, amene anakunyamulapo uli khanda.

Nditabwerera kusukulu ndinayamba kuunikanso zonse zimene tinaphunzira pa zipatso, n'kumadzifunsa kuti zikanakhala za anthu a kwathu zikanatha bwanji. Ndinayamba ndi `remove` yomweyo. Lamulo limeneli limachotsa chinthu choyamba chimene lachipeza chofanana ndi chimene mwatchula, n'kuima pomwepo. Pa zipatso zilibe kanthu, nthochi ndi nthochi. Nanga m'mudzi mwathu a Nabanda alipo angati? Pakamwa timawasiyanitsa bwinobwino: a Nabanda a kuchigayo, a Nabanda amake mapasa, a Nabanda a kuseri kwa tchalitchi. M'kope mlembi amangolemba Nabanda kawiri, chifukwa mwini wake akudziwa kuti wapamwambayo ndi uti. Python sidziwa. Ngati wa ngongole ndi wachiwiri, `remove` idzachotsa woyamba, wosalakwa, wa ngongoleyo n'kutsala. Ndipo mzere wanga wokonzedwa uja nawonso suwapulumutsa, chifukwa udzawachotsa onse awiri.

Mukafunsa pa intaneti mmene mungachotsere mayina obwerezedwa, yankho loyamba limakhala loti sandutsani list yanu ikhale `set`, popeza set salola chinthu chimodzi kuoneka kawiri. Yankholi si labodza, koma limaganiza kuti dzina likaoneka kawiri ndiye kuti munthu mmodzi walembedwa kawiri. Kwathu nthawi zambiri amakhala anthu awiri, aliyense ndi munda wake ndi ana ake. Set idzawaphatikiza akhale munthu mmodzi, thumba n'kutuluka limodzi, iwo n'kukakanganirana okha kunyumba. Komanso zimatheka motembenuza, munthu mmodzi n'kuoneka ngati awiri. Kwa Python, "Phiri" ndi "phiri" ndi anthu osiyana. "Mbewe" ndi "M'bewe" chimodzimodzi. Ngakhale kampata kosaoneka kamene chala chinagunda kumapeto kwa dzina kamabala munthu watsopano. Nanga mayi amene kutchalitchi analembetsa dzina la amuna awo, pa chiphaso n'kulembetsa la bambo awo? Mayina a anthu osaoneka ndi midzi yongopeka, zimene zinkamveka kawirikawiri m'zaka za makuponi, zimabisala bwino m'mndandanda umene ngakhale munthu weniweni saoneka mofanana kawiri.

Phunziro lake ndi lakuti dzina lokha silikwanira kuimira munthu. N'chifukwa chake kalembera wa ziphaso za unzika amene bungwe la NRB linachita mu 2017, n'kulemba anthu opitirira 9 miliyoni, anasintha zambiri, ndipo AIP inatsamira pa chiphaso chimenecho m'malo mwa kuponi ya pepala. Mu Python, chinthu chofanana ndi zimenezi ndi `dict`, mmene munthu aliyense amamangiriridwa ku nambala yakeyake, dzina n'kukhala chimodzi chabe mwa zinthu zimene zalembedwa pansi pa nambalayo. Kalabu ya m'mudzi sifunikanso nambala ya boma, ikhoza kupereka manambala akeake kuyambira pa 1. Komabe dict nayo ili ndi khalidwe lake: mukalowetsa nambala imene ilimo kale, imafufuta zakalezo n'kuika zatsopano, osakufunsani. Mlembi akaphonya nambala imodzi, munthu wina wafufutika. Ndipo kunja kwa kompyuta chiphaso chimatayika, chimapsera m'nyumba, ndipo nyuzipepala zinalembapo za mavenda amene ankagula ziphaso za alimi osauka kuti akagulire feteleza wotsika mtengo. Nambala imathetsa vuto la a Nabanda awiri, koma sithetsa vuto la umphawi umene umapangitsa munthu kugulitsa nambala yake.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi `sort`. M'kalasi tinkaikonda chifukwa imakongoletsa: mayina onse ayalana kuyambira A mpaka Z. Koma mndandanda wa anthu ukakhala wautali kuposa katundu amene alipo, malo ako pa mndandandawo ndiwo chakudya chako. Aliyense amene anaonapo mzere wa feteleza pa depoti akudziwa chifukwa chake anthu amagona pomwepo. Tsono tinene kuti matumba abwera 30, anthu alipo 45, inu mwayala mayina motsata zilembo n'kulemba `olandira[:30]`, kutanthauza kuti tengani 30 oyambirira. A Banda ndi a Chirwa alandira chaka chino, alandiranso chaka chamawa. A Zimba ndi a Zulu azingobwerera chimanjamanja mpaka kalekale, osadziwa kuti chowalakwira ndi chilembo choyamba cha dzina la makolo awo. Ndipo amene munamulemba ndi chilembo chaching'ono, ngakhale akhale banda, adzapezeka kumbuyo kwa a Zulu, chifukwa Python imaika zilembo zazikulu patsogolo pa zazing'ono. Mwagamula mlandu osadziwa kuti mwakhala pa mpando wa amfumu.

Palinso china. M'kope la mayi aang'ono mayina sanayalidwe mwachisawawa: wapamwamba ndi amene anayamba kusonkha. Dongosolo limenelo ndi umboni. `sort()` imasintha list yeniyeniyo, dongosolo lakale n'kutayika osabwereranso, pamene `sorted()` imakupatsani ina yatsopano, yakaleyo n'kutsala mmene inalili. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri. Pa mayeso ndi malikisi awiri. Pa kalabu ndi kusowa choyankha munthu akakufunsani kuti, "Ine ndinapereka mu June, uyu mu October, bwanji iye ali patsogolo?"

Za kukopera ndingonena mwachidule. Kumudzi mndandanda wofunika sukhala pamodzi. Mlembi ali ndi wake, a tcheya ali ndi wawo, nthawi zina wina uli kwa amfumu kapena kwa alangizi. Wina akasintha wake usiku, enawo amuyalutsa m'mawa. Mu Python mukalemba `wa_amfumu = mamembala` mumaona ngati mwachita zomwezo, koma simunakopere kanthu. Mwangopereka dzina lachiwiri kwa kope lomwelo. Mukafufuta munthu uku, wafufutikanso uko, ndipo tsiku lofananiza mindandanda iwiriyo idzagwirizana bwino kwambiri, inu n'kusangalala. Pamafunika `mamembala.copy()` kuti kope likhale linadi.

Ndikudziwa zimene anzanga a chaka chachitatu anene, chifukwa anandiuza kale pa khonde la hostel. Akuti ntchito zenizeni sizisungidwa mu list, zimasungidwa mu database, imene ili ndi malamulo oletsa zonsezi. Zoona, ndipo palibe wamisala amene angasunge alimi a dziko lonse m'mabulaketi. Koma mayina asanalowe mu database amachokera kuti? Amachokera m'kope, kupita mu Excel ya kalaliki, kudutsa mu kakhodi kamene wina analemba kuti awayeretse ndi kuwaphatikiza ndi a midzi ina. Akamatuluka kupita pa pepala lokapachika amadutsanso mu kakhodi kena. M'makhodi ang'onoang'ono amenewa muli list, muli loop, muli `set`, ndipo amene amapatsidwa ntchito yowalemba kawirikawiri ndi wa internship, kapena womaliza kumene sukulu. Ndi ifeyo. Zizolowezi zimene tinatenga pa zipatso ndi zimene timapita nazo kumeneko.

Ndipo musaganize kuti kudumpha anthu ndi matenda a mayiko osauka. Mu October 2020, bungwe la Public Health England linavomera kuti anthu 15,841 amene anapezeka ndi COVID-19 sanawerengedwe pa nthawi yake. Chifukwa chake chinali chakuti zotsatira zinkalowetsedwa mu fayilo ya Excel ya mtundu wakale wa XLS, imene imatha pa mizere 65,536. Fayilo ikadzaza, otsalawo ankangogwera panja, popanda phokoso lililonse. Anthu amene anakhudzana ndi odwalawo sanachenjezedwe msanga. Kumeneko kuli akatswiri, magetsi sazima, intaneti ndi yothamanga, koma anadumpha anthu mwakachetechete ngati mmene ine ndinadumphira a Namwale.

Ena akuti masiku ano khodi imalembedwa ndi ChatGPT, ndiye kuvutikiranji. Loop yanga yolakwika ija mwina ikanaikonzadi. Koma mukaiuza kuti ichotse mayina obwerezedwa, idzachita zimene mwaiuza. Sidziwa kuti kuchigayo kuli a Nabanda ena. Chimenecho mumadziwa ndi inu, ngati mwafunsa mlembi.

Tsopano pamene pagona maganizo anga. Chinapulumutsa a Namwale si luso la kompyuta. Ndi mwambo wowerenga mayina mokweza pagulu, mwini dzina ali pomwepo, kope lili pafupi. Bwalo ndi njira yoyesera mndandanda, ndipo ndi yamphamvu kuposa mayeso ambiri amene timalemba mu khodi, chifukwa munthu aliyense amayang'anira dzina lake mwatcheru kuposa mmene wina aliyense angachitire. Choopsa cha kompyuta si chakuti imalakwitsa kuposa munthu. Mlembi wa kope nayenso amadumpha mizere akatopa. Choopsa ndi chakuti imachotsa mndandanda pabwalo n'kupita nawo kuchipinda kumene palibe angadzuke kufunsa, ndipo imaupatsa ulemu umene kope lilibe. Mlembi akalakwitsa anthu amatsutsana naye. Koma akangomva kuti "makina ndi amene akukana", ambiri amangoti zikomo n'kubwerera. Mawu amenewa tonse tinawamvapo kwinakwake: dzina lanu silikuoneka mu system. Palibe wofunsa, palibe woyankha, ndipo wokuuzayo nayenso sadziwa chifukwa chake.

Choncho amene akulemba khodi yogwira mayina a anthu ali ndi ngongole kwa bwalo, ndipo ndikuona kuti ikhoza kubwezedwa ndi zizolowezi zing'onozing'ono. Osafufuta munthu. M'malo mochotsa dzina, lipititseni pa list ina ya otsala, pamodzi ndi chifukwa chake cholembedwa m'mawu amene mwini wake angamve: ngongole ya K12,000, kapena nambala yafanana ndi ya wina. Munthu amene wauzidwa chifukwa akhoza kutsutsa. Amene wangosowa sadziwa poyambira. Ndipo werengani mitu. Musanayambe chilichonse sungani `len(mamembala)`, pomaliza onani ngati olandira kuphatikiza otsala akufika pa nambala yomweyo. Ine ndikanachita izi ndikanaona kuti atatu kuphatikiza mmodzi sakwana asanu. Koma chiwerengerocho muchitenge koyambirira. Ndikanachitenga kumapeto, list yanga itachepa kale, bwenzi masamu atagwirizana n'kundinamiza. Mayi aang'ono amachita zimenezi mwachibadwa, amawerenga mayina kawiri asanatseke kope. Ndi zimene ankachita usiku uja ndi tochi kukamwa, pamene ine ndinkati n'zachikale.

Apa pali povuta, ndipo sindibisa. Bwalo lomwelo limene linapulumutsa a Namwale limachititsanso manyazi a Naphiri, chifukwa aliyense amva kuti sanatchulidwe ndipo akudziwa chifukwa chake. Komanso mndandanda wa pakompyuta umanyamula zambiri kuposa dzina: nambala ya chiphaso, ya foni, tsiku lobadwa. Zimenezi si zowerenga pansi pa mtengo, si zoponya pa gulu la WhatsApp, ndiponso si zoika pa GitHub kuti olemba ntchito aone kuti mumadziwa Python. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo ngakhale likanapanda kukhalapo, nambala ya chiphaso cha agogo anu si katundu wanu. Mmene ndikuonera ine, pabwalo pazituluka dzina ndi mudzi, zokwanira kuti munthu adzizindikire ndi kuti anzake atsimikize kuti alipodi. Zotsalazo zizikhala kwa mlembi. Malire ake sadzakhala osavuta nthawi zonse, koma kubisa mndandanda wonse m'dzina la chinsinsi ndi njira yachidule yobwezera mphamvu kwa amene amalemba abale ake.

Nanga m'kalasi tiziphunzira ndi chiyani, ngati si zipatso? Zitsanzo zili ponseponse. Mnzanga wina wa ku Nathenje mchimwene wake amayendetsa njinga yamoto ya kabaza pa siteji ya m'mbali mwa M1. Tsiku lina tikulimbana ndi kusiyana kwa queue ndi stack, iye anangoseka. Pa siteji, wofika koyamba ndiye amanyamula kasitomala woyamba, ndipo akabwerako amakaima kumbuyo. Imeneyo ndi `pop(0)` ndi `append`, ndipo anyamata aja amaitsata popanda kulemba, chifukwa wolowerera amayambitsa ndewu. Matumba a chimanga osanjikizidwa m'nyumba ndi stack: loikidwa pomaliza ndilo limayamba kutsitsidwa, n'chifukwa chake lapansi limafumbwa. Banki m'khonde ndi list ya ma list, membala aliyense ndi masheya ake a sabata ndi sabata. Anatifotokozera mphindi ziwiri zimene zinatikanika sabata yathunthu. List si phunziro la ana, ngakhale imabwera koyambirira kwa silabasi. Chimodzi mwa zilankhulo zakale kwambiri za kompyuta, Lisp, chimene John McCarthy anayambitsa mu 1958, chinamangidwa chonse pa list, ndipo dzina lakelo likuchokera pomwepo.

Ndikanakonda mphunzitsi wa chaka choyamba atamapereka ntchito yotere: nawu mndandanda wopeka wa anthu 60 a m'mudzi wopeka, muli a Phiri asanu ndi awiri, awiri mwa iwo ndi munthu mmodzi, wina anamwalira chaka chatha, wina walembedwa ndi dzina la mwamuna wake, matumba alipo 40. Lembani khodi, kenaka imani kutsogolo muwerenge mayina mokweza, anzanu aliyense atatenga dzina limodzi kukhala lake. Amene wadumphidwa adzuke. Malikisi azichokera pa mmene mwamuyankhira. Ophunzira a ku Bunda ndi amene ali pabwino kwambiri, chifukwa midzi imene adzailembere mindandanda yayamba kuseri kwa mpanda wa sukulu, koma ntchito yotereyi ingatheke paliponse, ku Zomba, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Thyolo.

Kalabu ya kwathu ikugwiritsabe ntchito kope lakuda. Mayi aang'ono anandilola kuwathandizanso chaka chino, koma anaika lamulo lawo: ndikamaliza pa foni ndiziwawerengera dzina lililonse, iwo akuchonga m'kope ndi pensulo, ndipo pepala lopita kumsonkhano lizikhala ndi mbali ziwiri, olandira ndi otsala. Zimatenga ola lathunthu, osati mphindi zisanu. A Namwale anamva pambuyo pake kuti wowadumpha ndinali ine. Sanakwiye. Koma ndikakumana nawo pa njira ya kumsika, ndisanawapatse n'komwe moni, amayamba ndi iwo: "A kompyuta, mwabwera liti? Nanga lero ndilipo?"